Phunziro 9: Ulendo wa Sulufule Kuchokera ku Phiri la Zomba Kufika ku Nyanja ya Chilwa

Anzanga, inu amene mumakhala m'mbali mwa nyanja ya Chilwa mukudziŵa kuti madzi akamaphwa, matope akuda a m'njedza amanunkha ngati dzira lovunda. Mukudziŵanso kuti m'minda ina chimanga chimachita chikasu kunsonga ngakhale mwini wake anathira feteleza wa yuleya. Kodi mukudziŵa kuti zinthu ziŵirizi n'zapachibale? Zonse zikukhudza mchere umodzi wa m'nthaka wotchedwa sulufule. M'phunziro lino tiona kumene sulufule amachokera, njira imene amayenda, ndi mmene akatswiri amamulondolera.

Sulufule ndi chakudya cha mbewu

Mbewu iliyonse imafuna sulufule kuti ikule bwino. Safunika wambiri, koma akasoŵa mbewu imadwala. Zili ngati mchere m'ndiwo: ndi wochepa, koma ukapanda kukhalapo aliyense amadziŵa.

Taonani pa thumba la feteleza wokulitsa. Pambuyo pa manambala mudzaona chilembo S, monga 4S kapena 6S. Chilembo chimenechi chikuimira sulufule. Anamuikamo dala chifukwa nthaka ya m'madera ambiri a Malaŵi ili ndi sulufule wochepa. Mu yuleya mulibe sulufule.

Nayi njira yozindikirira. Chimanga chikasoŵa naitirojeni, amayamba kuchita chikasu ndi masamba akale a m'munsi. Chikasoŵa sulufule, amachita chikasu ndi masamba anthete a kunsonga.

Nkhokwe yake ili m'nkhalango

Mitsinje ya Domasi ndi Likangala imayambira ku mapiri a Zomba. Mulunguzi nawo umatsika pa phiri n'kuthira mu Likangala. Mvula ikagwa kumtunda kumeneko imabwera ndi sulufule pang'ono wa mumlengalenga. Wina amachokera m'miyala ikamafumbutuka. Mizu ya mitengo imamuyamwa, ndipo amakaloŵa m'masamba. Masamba akayoyoka n'kuola, sulufule amatsala m'dothi lakuda lija la pansi pa mitengo. Gawo lalikulu la sulufule wa m'nthaka ya m'nkhalango limakhala m'zoolerana zimenezi.

Tsono nkhalango ili ngati nkhokwe. Imasunga sulufule ndi kumamutulutsa pang'onopang'ono. Wina amabwerera m'mitengo, wina amatsika ndi madzi kudutsa m'madimba ndi m'minda ya mpunga mpaka kunyanja.

Nyanja yopanda potulukira

Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka ndi dzuŵa ndi mphepo basi, koma mchere umene anabwera nawo umatsalira. N'chifukwa chake madzi ake ndi amchere. David Livingstone atafika pa nyanjayi mu 1859 anapeza madzi ali otero kale. Nyanja ikamaphwa, monga inachitira mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mcherewo umanka nukula, ndipo matemba, makumba ndi milamba zimafa kapena kuthaŵira m'mitsinje ndi m'madambo.

Nanga fungo lija? M'matope a pansi pa madzi mulibe mpweya wabwino umene ife timapuma. M'menemo muli tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa mabakiteriya. Ena mwa iwo amagwiritsa ntchito sulufule m'malo mwa mpweyawo, ndipo amatulutsa mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Mpweya umenewu ukakumana ndi chitsulo cha m'dothi, matope amada bii.

Mmene akatswiri amalondolera sulufule

Mwina mufunsa kuti: sulufule akasungunuka m'madzi saoneka, nanga munthu angadziŵe bwanji kumene wachokera? Tiyeni tiganizire za mpunga. Mpunga ndi umodzi, koma pali njere zolemera ndi zina zopepukirapo. Mayi akamapeta m'lichero, zolemera zimatsalira kwina, zopepuka zimapita kwina.

Sulufule nayenso ali choncho. Amapangidwa ndi tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Onse ndi sulufule, koma ena ndi olemererapo pang'ono. Mitundu imeneyi amaitcha maaisotopu. Pa maatomu 100 alionse, pafupifupi 95 ndi a mtundu wopepuka wotchedwa sulufule-32, ndipo pafupifupi 4 ndi a mtundu wolemera wotchedwa sulufule-34. Otsalawo ndi mitundu ina yosoŵa. Mitundu iŵiriyi sisintha ngakhale papite zaka zingati, ndipo siyoopsa kwa munthu.

Chinsinsi chagona apa. Kasakanizidwe ka wolemera ndi wopepuka sikafanana paliponse. Sulufule wa m'miyala, wa mumvula, wa m'feteleza ndi wa m'zonyansa za m'tauni kaŵirikaŵiri amasiyana pang'ono. Kusiyanako kuli ngati chizindikiro chimene munthu amadula pa khutu la mbuzi yake. Mbuzi ikasokera kutali, chizindikiro chimauza anthu khola limene yachokera.

Katswiri amatunga madzi m'botolo pa gwero la mtsinje, pakati, ndi pamene mtsinje wathira m'nyanja. Amatengako dothi, masamba ndi madzi a mvula. Ku labotale amazipima m'makina otchedwa mass spectrometer. Makinaŵa ntchito yake ndi ngati ya lichero lija: amapatula maatomu molingana ndi kulemera kwake n'kuwaŵerenga.

Mabakiteriya a m'matope nawonso amasiya chizindikiro chawo. Iwo amafulumira kutenga sulufule wopepuka, choncho wotsalira m'madzi amakhala ndi wolemera wochulukirapo. Katswiri akaona zimenezi amadziŵa kuti madziwo adutsa m'dambo kapena m'matope opanda mpweya.

Zimene anapeza ku America

Ku America, m'chigawo cha New Hampshire, kuli nkhalango yotchedwa Hubbard Brook. Kuyambira mu 1963 akatswiri monga Gene Likens ndi Herbert Bormann anayamba kupima mvula yogwa m'nkhalangomo ndi madzi otuluka m'timitsinje take. Anapeza kuti mvula ya kumeneko inali ndi asidi wochokera ku utsi wa malasha a m'mafakitale akutali. Mu utsiwo munali sulufule wambiri. Madzi ena amene ankatunga anawasunga m'mabotolo kwa zaka zambiri.

Pambuyo pake akatswiri anapima maaisotopu m'mabotolo aja. Zotsatira zinasonyeza kuti sulufule wa mumtsinje sanali wobwera ndi mvula ya dzulo yokha ayi. Wina anali atayamba wakhala m'zoolerana za m'nthaka asanatsike. Izi zinatsimikiza kuti nthaka ya m'nkhalango imasungadi sulufule, ndipo zimene zaloŵamo lero zimaonekera mumtsinje patapita zaka.

Vuto la anzathuwo linali kuchuluka kwa sulufule. Lathu kuno ndi kuchepa kwake. Tili kutali ndi nyanja zazikulu za mchere, ndipo mafakitale ndi ochepa, choncho mvula yathu imabweretsa wochepa. Nkhokwe imene tili nayo ndiyo zoolerana za m'nkhalango ndi za m'minda yathu.

Mmene timatayira chuma chimenechi

Sulufule amathaŵa ndi moto. Tikatentha mapesi, udzu wa mpunga kapena tchire posaka mbeŵa, sulufule wambiri wa m'zomerazo amakwera ndi utsi. M'phulusa mumatsala wochepa. Tikagwetsa mitengo ya m'phiri ndi ya m'mbali mwa mitsinje, mvula imakokolola dothi lakuda lija n'kukalitaya kunyanja. Kumunda kwatsala njala, ndipo nyanja, imene ndi yosaya kale, ikukwiririka ndi matope. Mlimi waluza, msodzi waluzanso. Kenaka timapita kukagula ndi ndalama zambiri sulufule amene tinali naye kwaulere.

Zoti tichite

1. Tisatenthe mapesi ndi udzu wa mpunga. Tizikwirire m'mizere kapena tipangire manyowa.
2. Tithire manyowa a ziŵeto m'munda, chifukwa ali ndi sulufule.
3. Tisiye mitengo ndi bango m'mbali mwa mitsinje, ndipo tibzale ina pamene yatha.
4. Pogula feteleza wokulitsa tiŵerenge thumba, tione chilembo S.
5. Chimanga chikachita chikasu kunsonga, tiitane alangizi a zaulimi adzachione.

Mawu atsopano

sulufule, maatomu, maaisotopu, mabakiteriya, labotale

Mafunso

1. Kodi chilembo S pa thumba la feteleza chikuimira chiyani?
2. N'chifukwa chiyani madzi a m'nyanja ya Chilwa ali amchere?
3. Pa maatomu 100 a sulufule, ndi angati a mtundu wolemera?
4. Tchulani njira ziŵiri zimene timatayira sulufule wa m'nthaka.
5. Kambiranani m'kalasi mwanu: ndi mtsinje uti wa kwanuko umene watha mitengo, ndipo mungagwirizane chiyani ndi a mfumu kuti muubwezeretse? Lembani mfundo zitatu m'kope lanu.