Diresi la Kitchen Party ndi Tiyi wa pa WhatsApp

Mayi amene ndikusimba nkhani yake ambiri a inu mukumudziwa, kungoti aliyense akumudziwa ndi dzina lina. Amakhala ku Chelstone, ntchito amagwira mu ofesi ina kufupi ndi Cairo Road. M'mawa amakhala pampando wa basi mumndandanda wa magalimoto a pa Great East Road, akafika amakhalanso pampando mpaka kuweruka. Kadzutsa wake ndi vitumbuwa viwiri ndi tiyi wa masupuni atatu a shuga. Masana chipisi, nkhuku yokazinga ndi botolo la chakumwa chozizira. Kunyumba amafika kutada, n'kudya mitanda itatu ya nsima ya breakfast, kenako kukagona.

Thupi linabwera pang'onopang'ono, kwa zaka zambiri, ndipo palibe anadandaula. Apongozi ake akabwera ankachita kumwetulira: "Mwaina, amake mwana. Mwana wanga akusungani bwino." Mayiyu sali yekha. Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi WHO mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa anayi mu Zambia anali wonenepa kupyola muyeso, ndipo mwa amayi chiwerengerocho chinali pafupifupi mmodzi mwa atatu.

Ndiye kunabwera kitchen party ya mng'ono wake. Kunatsala masabata asanu ndi limodzi okha. Telala wa pa msika wa Kabwata atamuyesa m'chiuno anatchula nambala mokweza, anzake a mukomiti ali pomwepo. Usiku womwewo mayiyu anaitanitsa tiyi woondetsa amene mnzake ankatsatsa pa WhatsApp, wa m'kapaketi kopanda dzina la wopanga, kongolembedwa kuti ndi masamba achilengedwe. Nsima anaisiyiratu. M'mawa madzi a mandimu, masana apozi mmodzi, madzulo tiyi uja.

Sabata yoyamba sikelo inatsika, iye n'kusangalala. Sabata yachitatu anali atazolowera kudzuka usiku kuthamangira kuchimbudzi, mutu ukuwawa, mtima ukugunda mwachilendo. Tsiku lina akudikira basi m'tauni, dzuwa la mu October lili paliwombo, anachita chizungulire n'kukhala pansi pakati pa anthu. Amayi ogulitsa nthochi ndi amene anamupatsa madzi. Koma mayiyu sanasiye, chifukwa diresi linali litasokedwa kale pa muyeso watsopano. Linamukwana ndithu, zithunzi zinatuluka bwino, anthu anamuyamikira.

Pofika Isitala thupi lonse linali litabwerera, ndi lina lowonjezera. Atapita kukiliniki chifukwa cha mutu wosatha, anamupeza ndi BP yokwera, ndipo namwino anamufunsa kuti, "Amayi, mwakhala mukumwa chiyani?" Yankho analibe, chifukwa zimene zinali m'kapaketi kaja sankazidziwa.

Tiyeni tione chimene chinachitika m'thupi lake. Tiyi wambiri wotere amakhala ndi senna, tsamba lotsegula m'mimba. Senna amagwira ntchito m'matumbo aakulu, kumene chakudya chimafika thupi litayamwa kale mphamvu yake. Chotero chimene chimatuluka ndi madzi ndi mchere wa m'thupi, kuphatikizapo potaziyamu amene mtima umadalira kuti uzigunda bwino. Mafuta amatsala pomwepo. Kusiya nsima mwadzidzidzi nakonso kumanamiza sikelo: thupi limayamba kudya shuga amene linasunga m'chiwindi ndi m'minofu, ndipo shugayo amasungidwa pamodzi ndi madzi ambiri. Madziwo akachoka umaoneka ngati waonda. Ukangoyambanso kudya amabwerera. Njala ikapitirira, thupi limadyanso minofu yeniyeniyo, imene imathandiza kutentha chakudya.

Palinso choopsa china. Mankhwala otchedwa sibutramine anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 atapezeka kuti amawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Komabe kuyambira nthawiyo akhala akupezeka atabisidwa m'makapisozi ndi m'matiyi olembedwa kuti ndi achilengedwe. Kuno kuli bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2013, limene ntchito yake ndi kuyang'anira mankhwala ogulitsidwa m'dziko. Kapaketi kochokera m'chikwama cha mnzanu, kopanda dzina la wopanga, mulibe njira yodziwira ngati kanadutsa m'manja mwa aliyense woyesa. Zimandipweteka kuti ogulitsa ambiri ndi alongo athu omwe, ongofuna ndalama ya lendi, amene nawonso sadziwa chimene akugulitsa.

Wina anganene kuti vuto ndi tiyi wachinyengo chabe, kuti munthu wokhala ndi ndalama ndi alangizi abwino angathe kuonda msanga popanda vuto. Amve za Danny Cahill. Mu 2009 anapambana mpikisano wa pa wailesi yakanema ku America wotchedwa The Biggest Loser, atatsika kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 195 kufika pa 87 m'miyezi isanu ndi iwiri. Anali ndi madokotala, aphunzitsi a masewera, zonse. Mu 2016 Kevin Hall ndi anzake a ku National Institutes of Health anafalitsa zimene anapeza pa anthu 14 a mumpikisanowo patatha zaka 6. Mwa iwo 13 anali atanenepanso, ndipo Cahill anali atabweza makilogalamu oposa 45. Chodabwitsa kwambiri chinali chakuti matupi awo ankatentha chakudya chochepa kuposa mmene zimayenera kukhalira pa kukula kwa matupi awo, kusiyana kwake pafupifupi makalori 500 patsiku. Thupi likaona njala yadzaoneni limaphunzira kuumira, ndipo limachedwa kuiwala.

Kafukufuku wina wa ku America komweko, Diabetes Prevention Program, wofalitsidwa mu 2002, anatsata anthu oposa 3,000 amene anali pafupi kudwala shuga. Gulu lina linapemphedwa zinthu zooneka zazing'ono: kutsitsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuchita masewera, makamaka kuyenda ndawala, mphindi 150 pa sabata. Ngozi yodwala shuga inatsika ndi 58 peresenti. Kwa munthu wa makilogalamu 90, tikunena za makilogalamu 6 okha. Pachithunzi cha kitchen party sangaoneke kwenikweni, koma mitsempha ndi mawondo zimawamva. Kuona maso a nkhono n'kudekha: theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro lokwanira.

Ndipo nsima sinalakwe. Chimene chinasintha m'tauni ndi kukula kwa mtanda, kuyera kwa ufa, ndi saladi amene timathira mumphika mpaka ndiwo kusambira. Supuni imodzi ya saladi imanenepetsa kuposa supuni imodzi ya shuga, koma palibe amene amaiwerenga. Botolo la theka la lita la chakumwa chotsekemera lili ndi masupuni ang'onoang'ono a shuga oposa 10. Mayi wa ku Chelstone uja akanangosiya botolo la masana, kuchepetsa saladi, kudya mitanda iwiri m'malo mwa itatu, mwina ya roller imene ili ndi gaga ndipo ndi yotchipa, akanakhala atayamba kale ulendo. Theka la mbale likhale la masamba: chibwabwa, kalembula, bondwe, repu, impwa, delele. Zonsezi zili mbwee ku Soweto Market ndi pa tuntemba ta m'makomboni, pamodzi ndi nyemba ndi kapenta zimene zimakhalitsa m'mimba. Malangizo a kadyedwe amene boma la Zambia linatulutsa mu 2021 amanenanso zomwezo, kuti tizidya zamitundumitundu tsiku lililonse. Abambo nawo asadzichotse: michopo ndi mowa wa Loweruka zimakathera pamimba, ndipo mafuta a pamimba ndi amene amayenda limodzi ndi shuga ndi BP.

Za masewera, ambiri amaganiza kuti ndi za apamwamba a ku Kabulonga ndi ku Woodlands, amene timawaona m'mamawa akuthamanga ndi nsapato zodula m'mbali mwa Independence Avenue ndi Leopards Hill Road. Mphindi 30 patsiku, masiku asanu pa sabata, sizifuna jimu. Wa ku Kabwata angathe kuyenda wapansi kupita m'tauni. Wa ku Chelstone angatsike basi asanafike kumene akupita n'kumalizitsa ndi miyendo. Zovuta zilipo ndithu: misewu ina ilibe podutsa oyenda pansi, ndipo mzimayi sangayende yekha kukali mdima. N'chifukwa chake kuli bwino kupangana ndi anzanu a chilimba kapena a kutchalitchi. Amene amakumbutsana tsiku loponya ndalama angathenso kugogoderana pageti.

Chimene chimagwetsa ambiri pa mwezi wachitatu kapena wachinayi ndi pakamwa pa abale. Zovala zikayamba kukhwepa, amene ankati "mwaina" amasintha nkhope: "Mwayonda, mulamu. Mudwala?" Mu Lusaka funso limeneli ndi lolemera. Amene anaona zaka za m'ma 1990, pamene kuonda kunkatanthauza kaliwondewonde ndi maliro, amafunsa ndi mantha enieni. Choncho ndi bwino kuwauza apabanja panu kuyambira pachiyambi kuti mukuchepetsa thupi mwadala, chifukwa cha BP kapena shuga, ndipo amene amaphika kapena kugula chakudya akhale mbali yanu. Apongozi akamva chifukwa chake amasiya kukuunjikirani nsima m'mbale.

Mantha awowo ali ndi malo ake. Munthu amene akuonda asanasinthe kadyedwe, makamaka ngati akutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kumva ludzu losatha kapena kukodza pafupipafupi, asasangalale ndi sikelo. Apite kukiliniki akayezetse TB, shuga ndi HIV. Amene akumwa kale mankhwala a shuga kapena a BP ayambe walankhula ndi adokotala asanachepetse chakudya, chifukwa thupi likamatsika mlingo wa mankhwalawo nthawi zina umafunika kusinthidwa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa asakhudze tiyi woondetsa wamtundu uliwonse.