Mmene mungatsutsire mwaulemu m'Chingerezi, pamsonkhano ndi pachipata

Kwa Mlonyeni Chingerezi chimatipeza tili kwathu. Chipata cha Mchinji ndi Mwami, chomwe Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema wa ku Zambia adatsegula mu 2022 kuti apaulendo aziima pamalo amodzi, sichili kutali, ndipo mapepala ake ndi a Chingerezi. Akuluakulu a mabungwe akabwera kumsonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera (ADC) ndi alendo ochokera kunja, nkhani imatembenukira ku Chingerezi. Makalata opita kwa DC kuboma, ngakhalenso mapangano a makampani ogula soya ndi mtedza, amalembedwa m'chiyankhulo chomwechi. Malo onsewa amafuna munthu wotha kukana popanda kudula ubale.

M'Chichewa ulemu uli kale m'kati mwa mawu. Tikati "mwatero, bambo" kapena "amayi anena", tagwada kale ndi pakamwa. Chingerezi chili ndi "you" mmodzi yekha, wa mwana ndi wa bwana yemwe, choncho ulemu wake umabisala m'kamangidwe ka chiganizo. Amene sadziwa izi amagwa mbali ziwiri. Ena amangoti "yes, yes" n'kumakang'ung'udza panjira yobwerera kumudzi, chinthu chitasainidwa kale. Ena amatembenuza Chichewa liwu ndi liwu, n'kulalatira mlendo iwo osadziwa. Oyamba aja ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa kuvomera kwawo kumapweteketsa mudzi wonse.

Yambani ndi kubwereza zomwe mnzanuyo wanena, musanatsutse kalikonse. Nenani kuti "If I understand you correctly, you are saying that...", ndiye kuti ngati ndakumvani bwino, mukunena zakutizakuti. Nthawi zambiri mkangano umathera pomwepa, chifukwa mumapeza kuti simunamvane chabe. Ngati munamva bwino, onjezerani "I see your point", kusonyeza kuti mfundo yawo mwaiona. Mawuwa sakutanthauza kuti mwavomera, ndipo wodziwa Chingerezi amayembekezera kale kuti "but" ali m'njira.

Kenaka tsutsani mfundoyo, munthuyo mumusiye. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Kwathu kuno munthu akalakwitsa nambala timatha kunena tikuseka kuti "aa, mukunama inu", ndipo palibe amene amakwiya. Mukanena zomwezo m'Chingerezi kuti "You are lying", mwamuuza munthuyo pagulu kuti ndi wachinyengo, kuti akudziwa zoona koma akubisa dala. Mawu amenewa musawatulutse pakamwa pamsonkhano kapena paofesi. Nayenso "You are wrong" ndi wolemera kuposa momwe amamvekera kwa ife. Njira yake ndi kuchotsa "you" kumayambiriro kwa chiganizo n'kuikapo "I", kapena chinthu chomwe mukukanganiranacho. Kalaliki wa kampani akati mwabweretsa matumba 18 a soya pamene kabuku kanu kakuti 20, nenani kuti "My records show 20 bags. Could we count again?" Mwanena zomwe mwalemba, mwapempha kuti muwerengenso limodzi, ndipo kalalikiyo ali ndi mpata wokonza cholakwikacho popanda kuchita manyazi pamaso pa anzake. Mukhozanso kunena kuti "I think there may be a mistake in the figures", kutanthauza kuti mwina manambala asokonekera penapake.

Pamene nkhani ndi ya maganizo, mawu abwino ndi "I see it differently" kapena "I'm afraid I don't agree". Musaope "afraid" ameneyu ngati akusonyeza kuti muli ndi mantha: pano akugwira ntchito ya "pepani" wathu uja, wofewetsa mawu olimba omwe akubwera.

Mukatero musaime. Kukana kopanda chifukwa kumamveka ngati makani m'chiyankhulo chilichonse, ndiye "because" atsatire nthawi yomweyo. Tinene kuti bungwe lina lasankha kukumba mjigo m'munsi mwa mudzi, pafupi ndi dambo, ndipo inu mukudziwa kuti mvula ikalimba mu Januwale madzi amasefukira pamenepo, atakokolola zonyansa za m'zimbudzi za kumtunda. Mainjiniya ali ndi mapu ndi makina, koma sanaonepo malowo m'dzinja. Imirirani, yang'anani wapampando, munene kuti: "Thank you, Chair. I understand why this place was chosen, but I have a concern, because it floods every January. Could we look at the ground near the school instead?" Onani mmene mawuwa ayendera: kuthokoza, kuvomereza kuti anali ndi chifukwa chawo, nkhawa yanu, umboni wake, kenaka malo ena oti aganizire. Chomalizachi n'chofunika kwambiri. Munthu wobwera ndi njira ina amamvedwa msanga kusiyana ndi wongotseka njira. "Could we", "May I suggest" ndi "Would it be possible to" ndi mawu otsegulira pempho lotere. Siyani "You must" ndi "You are supposed to", omwe amamveka ngati mphunzitsi akudzudzula mwana wa sitandade 3.

Pali mawu ena omwe anthu amawakonda poganiza kuti ndi aulemu wapamwamba, monga "With all due respect". Ine sindikulimbikitsani. Eni chiyankhulochi akangowamva amakonzekera kunyozedwa, chifukwa kawirikawiri chotsatira chake chimakhala chobaya. Komanso musachulukitse "sorry". Mmodzi akwana. Mukapepesa pachiganizo chilichonse, anthu amayamba kukayika ngati inuyo mukukhulupirira zomwe mukunenazo.

Nanga akaumirira? Ulemu sukukukakamizani kugonja. Wogula akakana kukweza mtengo, nenani modekha kuti "I understand, but I can't accept that price", mutenge katundu wanu. Pamsonkhano wokhala ndi mlembi, pemphani kuti "I would like my concern to be recorded in the minutes", kuti nkhawa yanu ilembedwe, tsiku lina mjigo ukadzamira pasadzakhale wonena kuti mudzi wonse udavomera. Pachipata, ngati msonkho omwe mwauzidwa ukukudabwitsani, funsani kuti "Could you show me how this was calculated?" Limeneli ndi funso loyenera, kaya muli pa tebulo la otolera msonkho a ku Malawi (MRA) kapena a ku Zambia (ZRA), ndipo limakupatsani pogwira. Ngati simukukhutirabe, "May I speak to your supervisor, please?" ndi pempho lololedwa, bola mulinene ndi mawu otsika ndi nkhope yomasuka. Ochita malonda ang'onoang'ono afunsenso ngati katundu wawo akulowa m'ndondomeko ya COMESA yotchedwa Simplified Trade Regime, yomwe idakonzedwa kuti ichepetse mapepala kwa anthu ngati iwowo.

Polemba kalata kapena uthenga wa pa WhatsApp chenjerani koposa, popeza wowerenga saona kumwetulira kwanu. Yambani ndi "Thank you for your letter", kenaka "I would like to raise a concern about...", mutchule deti, nambala ndi zomwe mukupempha. "I would like" ndi waulemu, "I want" ndi wolamula. Musalembe ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, chifukwa amaziwerenga ngati kukuwa. Uthenga wolembedwa mtima uli m'mwamba ugone kaye, muuwerengenso m'mawa.

Chingerezi chabwino sichisintha mwambo wa kwathu. Ngati amene mukusiyana nawo maganizo ndi amfumu, musawatsutse m'Chingerezi pamaso pa alendo, ngakhale ziganizo zanu zitasalala chotani. Dzerani kwa nduna, kapena pemphani kuwaona padera msonkhano usanayambe. Ndipo Chingerezi chikakutherani pakati pa mfundo yofunika, musakhale pansi. Nenani kuti "May I explain this in Chichewa?", mupemphe mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi yemwe alipo kuti atanthauzire. Kutsidya ku Zambia, ku Mwami ndi m'tauni ya Chipata, ingotchulani Chinyanja m'malo mwa Chichewa, adzakumvani.