TIZOMERA TA M'NYANJA ZAMCHERE

M'nyanja zikuluzikulu zamchere mumayandama tizomera tosaoneka ndi maso, totchedwa pulankitoni. Tizomerati timadyedwa ndi tizilombo ta m'madzi, ndipo tizilomboto timadyedwa ndi nsomba. Kuti tizomerati tikule timafuna kuŵala kwa dzuŵa ndiponso mchere wotchedwa nayitireti, womwe ulinso mu feteleza wa CAN amene alimi amathira m'chimanga.

Vuto ndi lakuti pakati pa nyanja zinthu ziŵirizi sizipezeka pamodzi. Kuŵala kokwanira kumalekeza pa mamita 200 kuchokera pamwamba. Nayitireti wachuluka pansi, pakuti tizomera tikafa timamira ndi kukaolera kumeneko. Madzi a pamwamba ndi ofunda ndi opepuka, choncho amayandama pa madzi ozizira monga mafuta pa msuzi.

Tizomera ta pamwamba penipeni tili ndi dzuŵa lambiri koma tili pa njala. Nayitireti timampeza pang'ono zedi, motero timadalira amoniya wochokera m'zonyansa za tizilombo tija. Tokhala kunsi, cha pa mamita 100, timakhala m'chisisira, koma ndito timayamba kulandira nayitireti wokwera pang'onopang'ono kuchokera pansi. Umu ndi mmene zilili m'nyanja ya Sargasso, chigawo cha nyanja ya Atlantic, kumene madzi a pamwamba ndi oyera ngati a pakasupe.

M'nyanja ya Pacific muli tizomera tina totchedwa Rhizosolenia, timene sitidikira. Timalukana ngati thonje, n'kumira kukatapa nayitireti, kenaka n'kukweranso kudzaothera dzuŵa.

Pali malo ena kumene nayitireti amafika pamwamba wambiri. Kufupi ndi gombe la dziko la Peru mphepo imakankha madzi ofunda, ndipo ozizira amakwera m'malo mwake. Tizomera timaswana kwambiri, nsomba zonga usipa zotchedwa anchoveta n'kuchuluka. Koma m'chaka cha 1972 madzi ofunda a El Niño anaphimba malowo, chakudya cha pansi chinaleka kukwera. Nsomba zija, zimene asodzi anali atazigwira kale mopyola muyeso, zinasoŵa. Mabwato anangokhala padooko, ndipo anthu ambiri ntchito inawathera.

Mafunso

1. Kodi pulankitoni amafuna zinthu ziti kuti akule?
2. Nchifukwa ninji nayitireti wachuluka pansi pa nyanja?
3. Fotokozani zimene tizomera ta Rhizosolenia timachita.
4. Nchiyani chinaonekera asodzi a ku Peru mu 1972?