Phunziro 18: Madonasi a Maungu

Dziko la Mfumu Chikomeni liri kumwera ca kumadzulo kwa boma la Lundazi. Kumadzulo kwake kuli nkhalango ya nyama ya Lukusuzi, ndipo kupitirira apo kuli cigwa cacikulu ca Luangwa. Mu 2018, pamene dera la Lundazi linagawidwa, dziko limeneli linalowa m'boma latsopano la Lumezi. Anthu ake ndi alimi. Mlimi wa kumeneko akamawerenga cuma cake amachula cimanga, nsawa, thonje ndi mpendadzuwa, koma dzungu salichula, cifukwa liribe munda wakewake. Limangoyanga pakati pa mizere ya cimanga, kapena pa culu, kapena pa dzala kuseri kwa nyumba.

Komatu mbeu yonyozekayi ndiyo imapulumutsa mabanja ambiri. M'miyezi ya Januwale ndi Februwale nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka, pamene cimanga ca m'munda cikali cosakhwima. Pa nyengo imeneyo dzungu limapatsa masamba ake, ochedwa nkhwani kapena cibwabwa, kenaka maluwa, ndipo potsiriza zipatso. Mwana amene wadya dzungu m'mamawa akhoza kukhala m'sukulu kufikira masana osaodzera ndi njala.

Bvuto limadza m'mwezi wa Epulo ndi wa Meyi. Pamenepo maungu acuruka, cimanga caciwisi ciripo, mbatata nazo zayamba, ndipo ana atopa nalo dzungu lophika. Ambiri amaolera m'munda, ena amaponyedwa m'khola la nkhumba. Kumeneku ndi kutaya cakudya cabwino. Mai wocenjera amadziwa kusintha kaphikidwe kuti ana asaleke kudya. Tsiku lina amaphika futali, ndilo dzungu lotendera ndi nsinjiro. Tsiku lina amalisakaniza m'phala. Ndipo pa tsiku la cikondwerero akhoza kupanga madonasi, amene ali timikate tozungulira tokhala ndi boo pakati.

Kumene dzungu linacokera

Anthu ambiri amayesa kuti dzungu lakhala m'Afrika cilengedwere dziko, koma si tero ai. Kwao kwa dzungu ndi ku America. M'phanga lina la ku Oaxaca, m'dziko la Mexico, anthu ofufuza zakale anapeza nthanga zimene zinalimidwa zaka pafupifupi 10,000 zapitazo. Eni dziko la kumeneko anali kubzala cimanga, nyemba ndi maungu m'munda umodzi, monga momwe Acewa acitira lero. Christopher Columbus atafika ku America mu 1492, zombo zinayamba kunyamula mbeu za kumeneko kunka nazo ku maiko ena. Motero cimanga, nsawa, cinangwa, mbatata ndi maungu zinaoloka nyanja, ndipo zinafalikira m'Afrika kucoka ku mudzi kunka ku mudzi wina, m'mitanga ya amalonda ndi m'manja mwa alendo.

Kubzala mbeu zitatuzo pamodzi kuli ndi nzeru yake. Cimanga cimapatsa nyemba poyanga, nyemba zimaonjezera conde m'nthaka, ndipo masamba akulu a dzungu amaphimba dothi kuti lisaume msanga ndi kuti udzu usamere kwambiri.

Cakudya cimene ciri m'dzungu

Mbali yaikulu ya dzungu ndi madzi: pa magawo 10, pafupifupi 9 ndi madzi okhaokha. Koma m'nyama yake yofiira muli cinthu cochedwa karotini, cimene thupi limacisandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amathandiza maso kupenya kukamada, ndiponso amalimbitsa thupi polimbana ndi matenda monga cikuku ndi kutsegula m'mimba. Mwana womsowa amayamba kupunthwa madzulo pamene anzake akali kuona bwino, ndipo akamsowa nthawi yaitali akhoza kucita khungu. Kusowa kumeneku kunasautsa ana ambiri m'Zambia, kotero kuti mu 1998 boma linalamula kuti shuga wogulitsa m'masitolo aziikidwa vitamini A. Koma dzungu limapatsa cakudya comweco kwaulere.

Pali zinthu ziwiri zoyenera kukumbukira. Coyamba, dzungu lofiira kwambiri m'kati liri ndi karotini wocuruka kuposa lotumbuluka. Caciwiri, karotini amasungunuka m'mafuta, osati m'madzi; cotero thupi limamlandira bwino ngati dzungu ladyedwa pamodzi ndi nsinjiro kapena mafuta pang'ono. Amai akale amene anayamba kutendera maungu anacita mwanzeru, ngakhale sanamvepo za dzina la karotini.

Opanda dzira, opanda mkaka

M'mabuku ambiri a zophika, madonasi amafuna mazira, mkaka ndi batala. Zinthu zimenezi n'zosowa m'midzi yambiri. Kufupi ndi chire la nyama kuli kashembe, nchenche yoluma imene imapatsa ng'ombe matenda, ndipo kumene ng'ombe ziri zocepa mkaka naonso ucepa. Mazira amasiyidwa kuti nkhuku ifungatire, kapena amagulitsidwa kuti papezeke ndalama ya mcere ndi sopo.

M'maiko ena muli anthu amene anasankha okha kusadya ciri conse cocokera ku nyama, kaya ndi mnofu, nsomba, mazira kapena mkaka. Bungwe lao, lochedwa Vegan Society, linayamba ku England mu 1944, ndipo mmodzi wa oliyambitsa anali Donald Watson. Anthu amenewa amakonda kuika dzungu lopota m'mikate yao m'malo mwa dzira. Cifukwa cake n'cosabvuta kumva. Nchito ya dzira mu mkate ndiyo kumata ufa pamodzi ndi kuusunga wofewa. Dzungu lophika ndi kupota liri ndi madzi ndiponso kamanthamantha kake, ndipo limagwira nchito yomweyo. Cotero mai wa kwa Chikomeni ali nazo kale m'nyumba mwake pafupifupi zonse zofunika.

Zofunika pa madonasi 12

Dzungu lophika ndi kupota, kapu 1.
Ufa wa tirigu, makapu 3. Kapena wa tirigu makapu 2 ndi ufa woyera wa cimanga wosefa bwino kapu 1.
Shuga, theka la kapu.
Mafuta a mpendadzuwa kapena a nsawa, masupuni akulu 4.
Soda, kasupuni kakang'ono 1, kosasefukira.
Madzi a ndimu, masupuni akulu 3.
Mcere wotsina ndi zala.

Ufa wa cimanga suyenera kuposa wa tirigu. Mu ufa wa tirigu muli cinthu cotamuka ngati ulimbo, cochedwa gluteni, cimene cimagwira mpweya m'kati mwa mtanda. Cimanga ciribe cinthu cimeneci, ndipo donasi wa ufa wa cimanga wokha amangonyenyeka.

Kukonza mtanda

Wophika ayambe wasamba m'manja ndi sopo. Asankhe dzungu lokhwima, la khungu lolimba limene cikhadabo sicilowa, ndi la phesi louma. Alidule, nacotse nthanga ndi matumbo ake, naliphike ndi madzi ocepa pansi pa mphika, kuti lipse ndi nthunzi. Dzungu lomizidwa m'madzi ambiri limakhala lozizira ndi losakoma, ndipo limafewetsa mtanda koposa muyeso. Likapsa, acotse khungu, nalipote ndi mthiko kufikira mibulu yonse itatha, nalisiye kuti lizizire.

Asanasakanize kanthu, akoleze moto wa makala, pakuti mtanda wa soda sudikira. Tsono m'mbale imodzi asefere ufa, soda ndi mcere. M'mbale yina atakase dzungu, shuga, mafuta ndi madzi a ndimu. Pamenepo athire za m'mbale yaciwiri mu ufa muja, nasakanize mopepuka kufikira ufa wouma usaonekenso. Mtanda ukamata kwambiri m'manja, awazepo ufa pang'ono. Ukauma, aonjeze supuni ya madzi. Asaukande nthawi yaitali monga acitira ndi buledi, cifukwa madonasi angalimbe.

Mwana wa maso akuthwa adzaona kuti mtandawo wayamba kufufuma. Soda akakumana ndi cinthu cowawasa, monga ndimu, pamabadwa mpweya wochedwa kaboni dayokisaidi. Mpweyawo umapanga timathovu tambirimbiri m'kati mwa mtanda, ndipo moto umatikulitsa ndi kutiumitsa m'malo mwake. Ndito timaenje timene tioneka munthu akanyema mkate. Ndimu akasowa, ufa wa malambe kapena bwemba wobviika m'madzi ndi kusefa ukhoza kugwira nchito yomweyo, pakuti zonsezi ndi zowawasa. Koma soda akacuruka kuposa cowawasa, madonasi amamveka ngati sopo m'kamwa.

Mtanda ugawidwe m'magawo 12 ofanana. Gawo liri lonse aliumbe ngati kampira, naliphwathalitse pang'ono, naboole pakati ndi cala copaka ufa. Boo likhale lalikulu ndithu, lolowa zala ziwiri, cifukwa limacepa pamene mtanda utupa. Booli si lokometsera cabe. Pakati pa citumbuwa ndipo pamacedwa kupsa. Pakati pakacotsedwa, kutentha kumalowa mbali zonse ndipo donasi amapsa mofanana.

Kuocha

Madonasi a m'misika amakazingidwa m'mafuta ambiri, monga mandasi. Koma mafuta ndi a mtengo wapatali, ndiponso mafuta owira akatayikira munthu amamuocha koopsa. Njira yabwino pa nyumba ndiyo kuocha ndi moto wa pansi ndi wa pamwamba, monga amai acitira ndi cigumu.

Patengedwe poto wamkulu wacitsulo wokhala ndi cibvundikiro cacitsulo. Pansi pake pathiridwe mcenga woyera wouma, wokuya ngati zala ziwiri, ndipo poto atenthetsedwe pa mbaula. Madonasi ayalidwe pa mbale yacitsulo yopaka mafuta, motalikirana, ndipo mbaleyo ikhale pamwamba pa mcenga. Mcengawo umagawa kutentha kuti pansi pasapserere. Atabvundikira, wophika aike makala amoto pa cibvundikiro, ocuruka kuposa amene atsala pansi. Amene ali ndi uvuni wa magetsi auike pa madigiri 180.

Madonasi amapsa pa mphindi 15 kapena 20. Apa ndipo ana ambiri amalakwa, cifukwa amafuna kusuzumira kawirikawiri. Cibvundikiro cikatseguka kutentha kumathawa, ndipo mtanda umene unali kutupa umafwapa. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphindi 15 zikatha, wophika acotse makala mosamala kuti phulusa lisagwere m'kati, nalase donasi mmodzi ndi kaudzu koyera. Kakaturuka kouma, apsa. Kakaturuka ndi mtanda, abvundikirenso kanthawi. Akali otentha, akhoza kupakidwa mafuta pang'ono ndi kuwazidwa shuga kapena nsawa zokazinga zosinja.

Mbaula ya makala isayatsidwe m'nyumba yotseka, pakuti makala amaturutsa mpweya wakupha umene suoneka kapena kununkha. Ana ang'ono akhale kutali ndi moto, ndipo poto anyamulidwe ndi nsaru youma yocindikala, osati yonyowa. Madonasi akazizira asungidwe m'cotengera cobvundikira kuti nchenche zisaterepo, ndipo adyedwe asanathe masiku awiri.

Nthanga zisatayidwe

Nthanga zimene zinacotsedwa poyamba paja ziri ndi mafuta ndi cakudya comanga thupi. Zina zikazingidwe ndi mcere, zina zisinjidwe zotendera ndiwo. Koma za dzungu lofiira ndi lokoma koposa onse zitsukidwe, ziyanikidwe pa licero pamthunzi, ndipo zikauma zisungidwe m'cikho kapena m'botolo pamodzi ndi phulusa louma kufikira mvula ya Novembala kapena Disembala. Maungu okhwima naonso amasungika miyezi ingapo ngati athyoledwa ndi phesi lake, osabvulazidwa, ndi kuikidwa pa thandala pouma ndi popita mphepo. Banja locita cotero limadya dzungu ngakhale m'nyengo ya cisanu, ndipo limakhala ndi mbeu yabwino ya caka camawa.

Mafunso

1. Cifukwa ninji dzungu liri lofunika m'miyezi ya Januwale ndi Februwale?
2. Kodi dzungu linacokera kuti? Chulani mbeu zina zitatu zocokera komweko.
3. Vitamini A amagwira nchito yanji m'thupi? Cifukwa ninji kuli bwino kudya dzungu ndi nsinjiro?
4. Fotokozani cimene cimacitika soda akakumana ndi madzi a ndimu.
5. Kodi boo la pakati pa donasi liri ndi phindu lanji?
6. M'kalasi muli ana 48, ndipo ali yense alandira donasi mmodzi. Padzafunika makapu angati a ufa, ndi angati a dzungu?

Zocita

(a) Thirani soda pang'ono m'makapu awiri. M'kapu yoyamba thirani madzi okha, m'yaciwiri madzi a malambe. Lembani zimene mwaona.
(b) Funsani amai kapena agogo maina a mitundu ya maungu imene imalimidwa kwanu, ndipo mulembe umene uli wofiira koposa m'kati.
(c) Lembani kalata kwa mnzanu wa ku Chipata yomfotokozera kaochedwe ka madonasi ndi moto wa pansi ndi wa pamwamba.