Musanachotse mafuwa a amayi anu

Ana anga a kuno ku Bwanje, inu amene mwangoyamba kumene banja, ndi inunso amene mumatumiza ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Lilongwe kuti amayi anu asiye kuphika pa mafuwa, maganizo anuwo ndi abwino ndipo ine ndili mbali yanu. Nkhuni zasowa. Mitengo ya tsanya imene inali yodzaza m'chigwa chino, yambiri inalowa m'matumba a makala amene mumawaona ataimikidwa m'mbali mwa msewu wa M5, kuyambira ku Bilila, kudutsa pa Sharpevale mpaka ku Golomoti. Mayi amene kale ankatola nkhuni kuseri kwa munda, lero amalawira mbandakucha n'kubwera dzuwa lili paliwombo, atasenza kamtolo ka tinthambi. Mafuwa nawo alibe chisoni ndi nkhuni. Moto wake umamwazikira mbali zonse, mphepo n'kumaukankha, mphika n'kumangolandirako pang'ono. Kuwasiya n'koyenera. Koma ndaona mbaula zambiri zogulidwa ndi mtima wabwino zitaponyedwa kuseri kwa nkhokwe, mafuwa atabwerera pamalo pake mwezi usanathe. Zimandipweteka, chifukwa ndalama yake imakhala yokhetsera thukuta.

Cholakwika chimayambira pa kusafunsa mwini wake wa moto. Mnyamata amaona mbaula yonyezimira m'sitolo, n'kugula, n'kufika nayo pakhomo monyadira, osafunsa amene adzagwadire pamenepo katatu pa tsiku. Mbaula iliyonse imawiritsa madzi a tiyi. Mayeso ake enieni ndi nsima ya banja lonse, pa nthawi imene ufa walowa wokwanira, mthiko walemera, mayi akuthyakula ndi mphamvu zake zonse. Ngati poto akutsetsereka, ngati mbaulayo ikugwedera moti pafunika mwana woigwirizira, dziwani kuti mawa lake mafuwa abwerera. Choncho popita kukagula, pitani ndi wophikayo, ndipo anyamule poto wake wa nsima ndi mphika wake wa nyemba. Aukhazike pa mbaulapo, augwedeze, aone ngati wakhala. Mphika wadothi uli ndi matako obulungira, poto wachitsulo ndi wathyathyathya, ndipo si mbaula zonse zimene zimalandira ziwirizi mofanana.

Kenako yang'anani chimene mudzasonkhezere, chaka chonse, osati mwezi umene muli ndi ndalama wokha. Kwathu kuno tikakolola timakhala ndi zitsononkho, mapesi, mitengo ya nandolo, nthambi zosadza ku keshya ndi mthethe. Pa mafuwa zinthu zimenezi zimangoti lawilawi n'kutha, koma mu mbaula yotchinga mphepo zimapsetsa chakudya. N'chifukwa chake kwa banja la kumudzi ine ndimayamba kutchula Chitetezo Mbaula, ija yadothi yonyamulika, yokhala ndi kakhomo kamodzi kolowetsera nkhuni ndi timitu titatu tokhazikapo mphika. Inayambira ku Mulanje zaka zoposa 20 zapitazo, ndipo inafala kwambiri boma litalonjeza mu 2013, nthawi ya pulezidenti Joyce Banda, kuti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni. Kwa anansi athu ku Balaka, bungwe la Concern Universal, limene pambuyo pake linatchedwa United Purpose, linathandiza magulu ambiri a m'midzi kuumba ndi kugulitsa mbaulazi. Ikagwiritsidwa ntchito bwino imapulumutsa pafupifupi mtolo umodzi pa mitolo itatu iliyonse. Mayi amene amasenza mitoloyo ndi amene angakuuzeni kukula kwa phindu limeneli.

Koma Chitetezo Mbaula ndi dothi, ndipo dothi lili ndi oumba abwino ndi oumba achangu. Yabwino imachokera ku mtapo wosankhidwa, wovundikiridwa masiku ambiri, wopondedwa mpaka timiyala tonse tachoka, woumbidwa m'chikombole, woumitsidwa pamthunzi pang'onopang'ono, kenako n'kuwotchedwa mu uvuni. Wina akafuna ndalama msanga amadumpha zina mwa zimenezi, ndipo pamsika simungaone ndi maso okha. Igogodeni ndi chala. Yopsa bwino imalira ngati belu, yosapsa kapena yokhala ndi mng'alu wobisika imangoti phu. Suzumirani pamwamba pa kakhomo, pakuti m'pamene ming'alu imakonda kuyambira. Onani ngati timitu titatu tija tili tofanana msinkhu, chifukwa kamodzi kakatalika mphika umapendekeka, ndipo tonse tikafupika moto umasowa potulukira n'kumangofuka. Mukainyamula panjinga, iyalireni udzu kapena chiguduli. Mukafika nayo kunyumba, moto woyamba ukhale waung'ono kuti izolowere. Musaithire madzi ikadali yotentha pofuna kuzimitsa moto, musaisiye pamvula, ndipo phulusa muzichotsa musanakoleze kuti mpweya uzilowa. Tsiku lina idzasweka ndithu, koma mtengo wake ndi wotsika ndipo woumba ali pafupi. Ichi ndi chinthu chimene mbaula zochokera kunja zilibe.

Amene muli pamalo panupanu, ndipo khitchini yanu ili ndi denga losadontha, ganizirani mbaula yomanga ndi njerwa ndi dothi. Ku Nkhata Bay bungwe la Ripple Africa linafalitsa ya Changu Changu Moto, ya malo awiri, moti nsima ndi ndiwo zimapsa nthawi imodzi. A Total LandCare nawo ali ndi yawo ya njerwa. Zotere sizigwedera ngakhale muthyakule bwanji, ndipo mwana wokwawa sangazigubuduze. Vuto lake zimafuna kuzira kawirikawiri monga momwe timazirira pansi pa nyumba. Mukazilekerera, ming'alu imakula, kakhomo kamagumuka, n'kusanduka mafuwa omwe aja. Ndipo kuno kumatentha. Mwezi wa Okutobala palibe amene amafuna kukhala m'khitchini masana, aliyense amathawira pansi pa mtengo wa mango. Anzathu a kumtunda ku Tsangano ndi ku Lizulu amaufuna moto wa m'nyumba kuti aziwotha, koma ife chosowa chathu ndi mphepo. Ndiye ngati mungathe, khalani nazo zonse ziwiri, yomanga ya nthawi ya dzinja ndi yonyamula ya m'chilimwe.

Za mbaula ya makala ndinena mwachidule. Ngati mukukhala kumudzi, musayambe. Kuti papezeke kilogalamu imodzi ya makala pa uvuni wa dothi, pamapsa makilogalamu asanu a mtengo kapena kuposa, ndipo lamulo la nkhalango, limene analikhwimitsa mu 2020, sililola kuwotcha kapena kugulitsa makala popanda chiphaso. Amene mukuchita lendi pamsika ndipo mulibe kuchitira mwina, gulani ija yokhala ndi dothi m'kati, imene inachokera ku Kenya, osati ya chitsulo chokhachokha imene imataya kutentha m'mbali. Ndipo chonde, musagone ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka. Mpweya wake sununkha ndipo suoneka, koma umapha anthu ali m'tulo.

Inu a ku Joni mumakonda kufunsa za magetsi ndi gasi, poti kumeneko n'zimene mumaphikira. Kunena zoona, pa ukhondo palibe mbaula ya nkhuni imene ingafanane nazo. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'Malawi muno, pafupifupi 11 okha ndi amene anali ndi magetsi, ndipo kumudzi chiwerengerocho chinali chotsika kwambiri. Ngakhale waya atafika pakhomo, kumbukirani Januwale wa 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene anataya mbaula zawo anazifunafuna. Kasola kamene munaika padenga n'kowunikira ndi kutchajira foni, sikangapsetse nsima. Gasi naye ndi wabwino, koma musanagule silinda fufuzani kumene adzakadzazitse ikatha, mtengo wa ulendo wake, ndi amene adzalipire mwezi umene inu ganyu yavuta. Mukayankha zimenezi mosadzinamiza, gulani, ndipo aziphikira za changu monga tiyi ndi phala la ana a sukulu. Nyemba zowira maora atatu zisiyireni nkhuni.

Tsopano nkhani ya utsi, imene ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ogulitsa sanena zonse. Utsi wa m'khitchini umadwalitsa. A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, anawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera chifukwa cha utsi wa m'nyumba. Tayang'anani mwaye umene wakuta denga la khitchini ya agogo anu, ndipo muganize za chifuwa cha munthu amene wapuma momwemo zaka 40. Komabe musaganize kuti mukagula mbaula ndiye kuti mwathana nazo. Kuno ku Malawi komwe, ku Chikwawa ndi ku Karonga, madokotala anachita kafukufuku wamkulu pa ana oposa 10,000 osakwana zaka zisanu. Mabanja ena anapatsidwa mbaula zodula za Philips, zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto koyendera batire ya sola, ena anapitiriza kuphika monga kale. Zotsatira zake zitatuluka kumapeto kwa 2016, zinaonetsa kuti chibayo sichinachepe mwa ana a mabanja olandira mbaula aja. Chimene chinachepa ndi kupsa kwa ana ndi moto. Mbaula zija zinkawonongeka kawirikawiri, mabanja ambiri ankaphikabe pa mafuwa mbali ina, ndipo ana ankapumabe utsi wa zinyalala zowotcha ndi wa nyumba zoyandikana. Phunziro lake ndi lakuti mapapo a mwana amatetezedwa ndi zinthu zingapo pamodzi. Boolani zenera m'khitchini, ndipo musiye mpata pakati pa khoma ndi denga. Kunja kukakhala kwabwino, phikirani panja. Khanda lichoke kumbuyo pa nthawi yokoleza moto, pamene utsi umachuluka, alitenge mkulu wake kapena bambo ake. Katemera ndi kuthamangira kuchipatala mwana akayamba kubanika, zimenezo palibe mbaula ingalowe m'malo mwake.

Kukabwera a mabungwe ndi mbaula zaulere kapena zotsika mtengo, landirani, koma funsani. Zambiri mwa zimenezi zimalipiridwa ndi makampani a kunja amene amagula umboni wakuti utsi wopita mumlengalenga wachepa, n'chifukwa chake amalemba dzina lanu n'kumabwera kudzaona ngati mukuphikirapo. Palibe choipa pamenepo. Koma pepala limene mukusaina kapena kudinda chala wina akuwerengereni, ndipo mudziwe amene adzakonze ikawonongeka ndi kumene mungapeze ina.

Mafuwa aja musawataye kudzala. Tsiku la thobwa, la chinkhoswe, la maliro kapena la kufulula mowa wa masese, mgolo kapena mbiya yaikulu singakhale pa mbaula yadothi, ingaiphwanye. Asungeni kuseri kwa khitchini. Chimanga cha mbewu chimene agogo ankapachika pamwamba pa moto kuti utsi uthamangitse anankafumbwe, muchipezere njira ina yosungira, pakuti utsi ukachepa chitetezo chimenecho chimachepanso.

Ndipo inu anyamata, pali ntchito imene yagwera inu. Mbaula zonsezi sizilandira chikuni chachikulu chimene tinkangochikankhira pa mafuwa. Zimafuna nkhuni zowaza, zosaposa dzanja la mwana kunenepa, ziwiri kapena zitatu pa nthawi imodzi, ndipo zikhale zouma, chifukwa zaziwisi zimafuka pa mbaula ina iliyonse. Akazi ambiri amene anabwerera ku mafuwa anatero chifukwa panalibe wowawazira nkhuni. Nolani nkhwangwa. Mu Seputembala ndi Okutobala wazani zokwanira, muzisanje pathandala pansi pa denga pamodzi ndi zitsononkho ndi mitengo ya nandolo, mvula ya Disembala isanagwe. M'malire a munda dzalani nandolo wochuluka ndi mizere ya keshya kapena nsungwi, ndipo keshyayo akakula muzingosadza nthambi, tsinde muzilisiya kuti liphukenso.