Za Kulera Mwana wa Mbale: Lamulo la ku America

Owerenga athu akumbukira Moredekai, amene analera Estere, mwana wamkazi wa mbale wa atate wace, atamwalira makolo a mwanayo (Estere 2:7). Buku silinena kumene anapeza cakudya ndi zobvala zace. Funso limeneli ndilo tiphunzira mwezi uno, poyang'ana lamulo la dziko la America.

Kumeneko Boma likacotsa mwana kwa makolo omzunza kapena omtaya, limpereka kwa munthu wina kuti amlere, ndipo lipatsa wolerayo ndalama mwezi ndi mwezi. Komatu mwanayo akhalabe m'manja mwa Boma. Wolera akafuna mphamvu yonga ya kholo, ayenera kunka ku bwalo la milandu, kuti woweruza amuike akhale wosunga mwanayo mwa lamulo. Kale msampha unali pomwepa. Pakuti nthawi zambiri ndalama zija zinaleka tsiku lomwelo, ndipo gogo wosauka anayenera kusankha pakati pa ulamuliro ndi cakudya ca mdzukulu wace.

M'caka ca 2008 President George W. Bush anasaina lamulo lolola zigawo za dzikolo kupitiriza thandizolo, cigawo ciri conse cikafuna. Kuti alandire, wosungayo akhale mbale, amene analembedwa ndi Boma monga wolera, nakhala ndi mwanayo m'nyumba mwace miyezi 6 yotsatana. Kudziwike kuti mwana sangabwerere kwa makolo ace, ndi kuti mtima wace wamamatira kwa mbaleyo. Wa zaka 14 kapena zoposa afunsidwe maganizo ace. Ici ticiyesa canzeru, popeza msinkhu umenewo suli wa kungonyamulidwa ngati mtolo. Ndalamazo sizingapose zimene zikadaperekedwa mwanayo akadakhalabe m'manja mwa Boma, ndipo pa zolipira za mlanduwo Boma lithandiza kufikira madola 2,000.

Koma cacikuru ndi ici: pangano la thandizo lilembedwe woweruza asanagamule. Kwathu kuno malume atenga mwana wa mlongo wace maliro atangotha, osafunsa kalata, ndipo tiyamika mtima wotere. Ku America wofulumira cotero, nayamba wapita ku bwalo asanapangane ndi Boma, adzapeza khomo la thandizo lotsekeka.

M'caka ca 2014 anaonjezapo mau ena: m'pangano lija alembemo dzina la wolowa m'malo, kuti wosunga akamwalira kapena akalefuka ndi nthenda, thandizo litsate mwanayo ku nyumba yatsopano.