Kusamukira Kunja ndi Banja: Ndani Wafunsidwa?

Werengani ndimezi mosinthana, ndipo mukafika pa funso imani kaye mukambirane.

Kuno ku Mlowe ulendo wa kunja sunayambe lero. Agogo athu ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku Halale. Clements Kadalie, amene anaphunzira pa Livingstonia m'boma lathu lomwe lino, anachoka kwawo mu 1915, nakayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, ndipo anamwalirira ku South Africa komweko mu 1951. Mu 1974 ndege yobweza anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda analetsa kulemba anthu ntchitoyo. Patapita zaka inayambiranso pansi pa Theba mpaka inatheratu mu 1988. Koma anthu sanasiye kupita. Chasintha ndi ichi: kale mwamuna ankapita yekha, mkazi n'kutsala ndi apongozi. Lero mabanja achinyamata akufunsa ngati si bwino kunyamuka onse, ndi ana omwe.

Tisanamizane, phindu lilipo ndipo timaliona ndi maso. Nyumba zina za malata, mabwato ena a injini ndi makoka a chilimira anagulidwa ndi ndalama za kunja. Ana ena afika ku sekondale chifukwa cha fizi yochokera kwa amalume a ku Joni. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja olandira ma randi anapumako pamene ena ankalira. Bahá'u'lláh analamula kuti munthu aliyense akhale ndi ntchito, ndipo anakweza ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira kukhala kupembedza. Choncho bambo wofuna kudyetsa ana ake ndi thukuta lake, kaya kuno kaya ku Durban, sakulakwa. Ndiponso kutenga banja kuli ndi ubwino wake: mabanja angati tawaona akutha chifukwa mwamuna anakhala mtchona, n'kukwatiranso komweko?

Vuto ndi loti pa sikelo yathu timaikapo ndalama zokha, ndipo woyeza amakhala mmodzi.

Taganizirani za banja la Bahá'u'lláh. Iwo sanachite kusankha. Anathamangitsidwa ku Tehran mu Januwale 1853, nyengo yozizira koopsa, ndipo anayenda miyezi itatu m'mapiri a chipale chofewa kuti afike ku Baghdad. Mkazi Wake, Ásíyih Khánum, anagulitsa zotsala za chuma chake kuti apeze za paulendo. 'Abdu'l-Bahá anali ndi zaka 8, ndipo chisanucho chinamuvulaza. Mwana wamng'ono, Mírzá Mihdí, anasiyidwa kwa achibale chifukwa sakanatha kupirira njirayo, ndipo panapita zaka pafupifupi 7 asanaonanenso ndi makolo ake. Tikamawerenga mbiriyi m'maphunziro athu timakonda kuloweza mayina a mizinda: Baghdad, Constantinople, Adrianople, 'Akká. Koma onani amene anasenza katundu wa msamukowo. Anali mayi ndi ana. Lero zilinso chimodzimodzi, kungoti ife tili ndi mwayi umene iwo analibe, mwayi wokhala pansi n'kukambirana tisananyamuke.

Kukambirana kwa Chibahá'í si kudziwitsa. Bambo akagula kale matikiti a basi ku Mzuzu n'kudzauza mkazi wake madzulo, amenewo si makambirano ayi. Kwathu kuno, kumene mkazi amakhala kumudzi kwa mwamuna malowolo ataperekedwa, nkosavuta kuganiza kuti mawu ake pa nkhani yotere ndi ongovomera. Koma chiphunzitso chathu n'chakuti mwamuna ndi mkazi ndi ofanana pamaso pa Mulungu, ndipo 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti m'banja aliyense, bambo, mayi ndi mwana, ali ndi ufulu wake umene suyenera kuponderezedwa. Mayiyo ndiye akasiye munda wake wa chinangwa ndi thandala lake loyanikapo usipa, n'kukakhala m'kachipinda kamodzi kalendi pakati pa anthu olankhula Chizulu. Mtsikana wa Sitandade 7 ndiye akayambirenso sukulu m'chilankhulo china, ndipo tikudziwa kuti ziphunzitso zathu zimaika maphunziro a mwana wamkazi patsogolo. Agogo otsala ndiwo asowe wowatungira madzi. Onsewa ali ndi mbali ya choonadi imene bambo sangaione yekha.

Funso: M'mabanja amene mukuwadziwa amene anasamuka, ndani anafunsidwa ndipo ndani anangouzidwa?

Makambirano amafunanso mfundo zoona, osati zithunzi za pa Facebook. Wopita kunja sajambula tsiku limene wagona ndi njala. Nazi zina zofunika kuziika poyera. Mmalawi wa pasipoti wamba amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ngati mlendo, ndipo chilolezo chimenecho si chogwirira ntchito. Wopyola masikuwo akhoza kuletsedwa kulowanso kwa chaka kapena zaka zingapo, ndipo wogwidwa alibe mapepala amakasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kubwezedwa. Mwana wobadwira kumeneko kwa makolo achilendo sakhala nzika chifukwa chongobadwirako. Mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019 alendo anachitidwa chipongwe, ndipo mu 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi okatenga anthu ake. Munthu mmodzi amathawa msanga. Nanga wa ana atatu?

Apa pali fupa limene ife a Bahá'í sitingalilambalale. Tinalamulidwa kumvera malamulo a dziko limene tikukhalamo ndi kunena zoona nthawi zonse. Ngati ulendo wonse wakhazikika pa kupyola masiku, kupereka kangachepe pa chipata cha Beitbridge, kapena kugwiritsa ntchito mapepala a munthu wina, ndiye kuti ana akakulira m'nyumba imene bodza ndilo likuwateteza. Sitikuweruza abale athu amene ali kale m'mavuto otere, poti umphawi si masewera. Koma amene sananyamuke ali ndi nthawi yofunsa za njira yovomerezeka, ngakhale itakhala yochedwa.

Mbali ina imene imaiwalika ndi mudzi wotsala. Mlowe akatumiza kunja mphunzitsi wa kalasi ya ana, kapena wotsogolera gulu la achinyamata achichepere, mpata wake sutsekeka ndi ndalama zotumizidwa pa foni. Komabe tisafulumire kunena kuti kusamuka n'kuthawa utumiki. Chikhulupirirochi chinafika ku Nyasaland kudzera mwa munthu wochokera kunja, ndipo mu 1953 Enoch Olinga anasiya kwawo ku Uganda n'kupita ku Cameroon kukaphunzitsa. Banja lopita ndi cholinga likhoza kukatsegula khomo lake ku misonkhano ya mapemphero kumene likupitako. Bungwe Lauzimu silisankhira banja zochita. Likhoza kulangiza, ndi kuthandiza kulilumikiza ndi abwenzi a kumeneko lisanafike.

Zokambirana pagulu:

1. Tiyerekeze kuti mwamuna walonjezedwa ntchito ya m'munda wamaluwa ku Cape Town koma alibe chilolezo chogwirira ntchito. Mkazi wake akukana kupita, apongozi akuti pitani. Kodi makambirano awo ayambire pati, ndipo pakhale ndani?

2. Mwana wa zaka 12 angapatsidwe bwanji mpata wolankhula osaoneka wamwano pamaso pa akulu?

3. Ngati banja la m'gulu lathu lino litasankha kunyamuka mwezi wamawa, ndani wakonzeka kutenga kalasi ya ana imene likusiya, ndipo ndani aziyendera agogo?